Mtunda wa Pakati Pathu

Ukwati wa Wamagetsi ndi mkazi wake unayamba bwino moti oyandikana nawo nyumba ankaonda ndi kaduka. Mwamunayo ankayala mawaya m'nyumba za anthu, tepi yoyezera ikulendewera m'chiuno ngati mchira. Mkaziyo naye anali wa mawaya, koma ake anali osaoneka ndi maso. Ankagwira ntchito pakampani yojambula mapulani a tchipu, kachipangizo kaja kochepa ngati chikhadabo kamene kamakhala m'kati mwa foni. Tchipu isanapangidwe, iye ankayerekezera kuti timawaya tolumikiza zigawo zake tidzatalika bwanji. Waya akatalika uthenga umachedwa, tchipu imatentha, batire imatha msanga.

"Mayi a mwana, waya wosayalidwa mumamuyeza bwanji?" ankafunsa mwamunayo. "Mumachita kulota?"

"Timajambula kabokosi kozungulira nsonga zonse zofunika kulumikiza, n'kuphatikiza m'litali ndi m'lifupi. Sitiphonya patali."

"Ine nditayeza choncho, mwini nyumba angandithamangitse ndi agalu."

Ankaseka mpaka misozi. Koma nsanje siigogoda, imalowa ndi wachibale.

Kukampaniko kunabwera mwamuna wina wofatsa, amene anzake ankamutcha Magalasi. Anam'patsa chigawo cha tchipu chowerengera, pamene mkazi wa Wamagetsi anali ndi chigawo chosungira zinthu. Zigawo ziwirizi zinatalikirana papulani, ndipo bwana anawapatsa mpaka Lachisanu kuti afupikitse mawayawo. Tsoka lake, mlongo wake wa Wamagetsi ndiye ankakolopa maofesi amenewo.

"Achimwene, ine sindine wamiseche," anatero atabwera kudzacheza, "koma ndimakolopa maso ali otsegula. Alamu anga ndi Magalasi uja mitu imachita kugundana pakompyuta, chitseko chotseka. Ndikalowa, onse zii."

Munthu akayamba ndi kunena kuti si wamiseche, bisani makutu m'thumba. Wamagetsi sanabise.

Lamlungu masana, mkaziyo akusambitsa mwana, foni yake inalira patebulo. Mwamunayo anaitola. Uthenga unali wa Magalasi: "Mtunda wa pakati pathu ukadali wautali. Ndikatumiza, kwanu kukufika mochedwa, ndipo kutentha kwakwera. Senderani kufupi ndi ine bwana asanaone." Pamwamba pake panali yankho la dzulo la mkaziyo: "Ndasendera kale kawiri. Mukufuna ndichite kukhala pamwamba panu?"

Wamagetsi anakankha chitseko cha bafa.

"Iwe! Wasendera kangati?"

Mkaziyo anawerenga, n'kuyamba kuseka. Kuseka kumeneko ndiko kunakumba manda.

"Bambo a mwana, izi n'zigawo za tchipu! Changa ndi chake, papulani."

"Tchipu imatentha Lamlungu?"

"Imatentha tsiku lililonse waya akatalika."

"Usandiphunzitse mawaya ine! Zaka makumi awiri ndikuwagwira, sindinamvepo waya akuuza mnzake kuti sendera."

"Ndiye chifukwa chake ndimakambirana ndi omvetsa. Inu mumangodziwa tepi basi."

Mawu amenewo anam'lowa kuposa uthenga uja. Mwamuna angakhululuke zambiri, koma kumuchepetsa pa ntchito ya manja ake, ayi. Anatha masiku atatu akudya bwinobwino, akunola mtima. Mkaziyo anayesa kuti zatha.

Lachinayi nthawi ya nkhomaliro, Wamagetsi anafika pakampaniyo atavala ovolosi, makwerero ali paphewa. Munthu wonyamula makwerero safunsidwa. Mlonda anachita kumutsegulira geti. Analowa mu ofesi ya Magalasi, momwe munali ketulo yamagetsi yachitsulo pakona. Anagwada pasoketi mphindi zisanu zokha, n'kutuluka akuimba likhweru.

Magalasi anabwerako kodya, nafuna tiyi. Anagwira ketulo. Sanakuwe n'komwe.

Amene anam'peza atafa anali mkazi wa Wamagetsi, akubwera ndi nkhani yabwino yoti mawaya afupika. Anthu atazimitsa magetsi n'kutsegula soketi, iye anasuzumira. Anaona waya wopotedwa katatu, nsonga yopindidwira m'mbuyo, tepi yakuda yodulidwa mopendeketsa. Umu ndimo inamangidwira soketi iliyonse ya kunyumba kwake. Sanalire. Anatenga chikwama chake n'kupita yekha kupolisi.

Kukhoti mkaziyo anabwera ndi pulani yosindikizidwa papepala lalikulu ngati chitseko. Anaiyala pamaso pa woweruza.

"Bwana, bokosi ili ndi langa. Ili ndi la malemu. Mizere yofiirayi ndi mawaya. Mtunda wa pakati pathu ndi uwu." Analoza ndi chala. "Pa tchipu yeniyeni sukwana theka la njere ya mchenga. Munthu anafera umenewu."

Mlongo uja ataitanidwa anagwira pamtima.

"Ine ndinangonena za mitu, bwana. Zina zonse anawonjezera okha achimwene."

Woweruza anagamula kuti Wamagetsi akakhale kundende moyo wake wonse. Apolisi akumutulutsa, anatembenuka.

"Mayi a mwana, ndikhululukireni. Sindinamvetse."

"Ndinakufotokozerani m'bafa, sopo ali m'manja. Malemu wasiya mkazi ndi ana atatu. Kawapepeseni amenewo, ngati angakupatseni khutu. Mwana wanuyu ndidzamuuza zonse akadzakula, osasiyako ngakhale chimodzi."

Sanakamuonepo kundende ngakhale kamodzi.

Inu okonda kutola mafoni a eni, mverani. Ntchito iliyonse ili ndi chilankhulo chake, ndipo wansanje amamva chimodzi chokha. Kufunsa kawiri sikuthyola fupa.

Lero Wamagetsi ali m'kachipinda ka anthu asanu ndi mmodzi. Babu la m'menemo linapsa chaka chatha. Mlungu uliwonse amapempha kuti alikonze yekha, ndipo mlonda amangosuzumira pazenera n'kumuyankha kuti, "Iwe ndi waya? Khalani mumdima momwemo, amisiri."