Usiku Umene Ndinaitana Katana pa Chimkuzamawu

Pakamwa pangapa mpomwe panandidyetsa zaka zitatu, ndiponso mpomwe panandigwetsera m'dzenje. Ndine Wadi. Mu 1991 ndinkagwira ntchito pa vidiyo ya a Hamisi, kutsidya kwa mlatho, pamsewu wopita ku Malindi. Ntchito yanga inali yofotokozera filimu. Azungu akamalankhula zawo pa sikirini, ine ndi maiki m'manja ndinkamasulira, pena m'Chichewa, pena m'Chiyao, pena bodza lenileni. Anthu a mufilimu ndinkawapatsa mayina a konkuno. Wakuba ndinkamutcha dzina la amene wakhala pabenchi yakutsogolo, ndipo holo yonse inkafa nacho chikhakhali.

A Hamisi anali ndi lamulo limodzi: tepi yatsopano ndiyambe ndaionera ine, anthu asanaione. Tsiku lina tinaika yosaonera, mzimayi wa mufilimu n'kuvula pamaso pa akuluakulu a kumzikiti. Tinatsala pang'ono kutsekedwa.

Lachinayi lina a Hamisi anabwera ndi tepi yopanda chikuto, yogula kwa munthu wa ku Chiponde. Pamsana pake panangolembedwa 2. Nditaiyesa, azunguwo ankalankhula Chipwitikizi. Ine Chipwitikizi changa chimathera pa moni. Ndiye ndinakatenga mnzanga Atumani.

Atumani anali wothawa nkhondo wochokera cha ku Lichinga. Ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, ndipo ankakhala ndi mkazi wake Mwanamvua kuseri kwa chigayo. Munthu wofatsa, wosaseka mokweza. Tsiku lina tikusewera bawo anandiuza chimene anathawa. Si mfuti ayi. Kwawoko kunali chigawenga china dzina lake Bakali. Anthu ankachitcha Katana, ndilo dzina la chikwanje kumeneko. Chinapha anthu ambiri. Atumani ndi amene anasonyeza anthu a m'mudzi kumene chinkagona, ndipo anakachipha ndi misi ndi nkhwangwa. Chisanatsirizike chinamuyang'ana iye n'kunena kuti ndidzakupeza.

"Wakufa sawoloka malire yekha," anatero Atumani. "Pokhapokha wina amuitane. Dzinali musadzalitchule, Che Wadi."

Ndinalumbira kuti walahi sindidzalitchula.

Madzulo a Lachinayi lija, filimu yomaliza itatha, ndinatseka chitseko cha malata. Swala ya isha, pemphero lomaliza la usiku kumzikiti, inali itadutsa. Tinatsala awiri, ine ndi Atumani, jenereta ikubangula kuseri kwa khoma. Udzudzu ndiye musanene. Unkazungulira pa sikirini, kwinaku ukutimaliza m'miyendo.

Filimuyo ndikuuzeni inali yachabechabe. Nkhani yake, monga ankandimasulira Atumani, inali ya munthu wakupha amene anthu asanu anamupha mu gawo loyamba n'kumukwirira pansi pa simenti ya galaja. Mu gawo lachiwirili mzimu wake watuluka, ukuwasaka mmodzimmodzi. Basi. Nkhope ya mzimuwo inkachita kuoneka kuti ndi ya labala. Magazi ake ngati supu ya tomato. Mzimu ukuyenda pang'onopang'ono ngati wadwala nyamakazi, koma munthu wothamanga ndi miyendo iwiri n'kumagwidwa. Mzimayi wamva phokoso m'chipinda chamdima, m'malo mothawa akulowamo n'kumafunsa kuti ndani. Ndani chiyani iwe, thawa!

"Zimenezi anthu atigenda nazo," ndinatero. "Pafunika mchere."

Ndinatenga maiki kuti ndiyesere. Anayi anali atafa kale. Wachisanu, kamnyamata kowonda kovala magalasi, kanabisala m'kabati. Ndinacheuka n'kuona Atumani atagwira benchi ndi manja onse awiri, thukuta lili kamukamu. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, kuopa labala! Satana anandikhala pa lilime. Ndinakulitsa mawu ngati a mzimu.

"Atumaaani! Tuluka m'kabatimo! Ndine Bakali Katana, ndabwera!"

Ndinaseka. Ndinabwerezanso.

"Bakali Katana, lowani, munthu wanu ali muno mwa a Hamisi!"

Atumani anandilanda maiki. Sanandimenye. Bola akanandimenya. Anangoloza chingwe chimene chinkatulukira pazenera.

Chimkuzamawu chapanja. Chija chapamtengo, choitanira anthu masana, chomveka mpaka kumlatho. Ndinaiwala kuchizula. Phokoso la jenereta ndi limene linatiphimba m'makutu.

"Mwandipha," anatero chapansipansi.

"Aaa, iwe, ndi nthabwala chabe."

Anaponya maiki pansi. Ndinazula chingwecho, n'kuimitsa tepi. Panja agalu a kuchigayo ankauwa, kenako anasiya onse nthawi imodzi.

"Odi."

Mawu aulemu, osakweza. Chitseko cha malata sichinagogodwe.

Atumani anagwa pansi n'kukwawira kuseri kwa tebulo la deki, makina oikamo tepi, kumene tinkaunjika masaka otchingira mazenera masana. Anadzifunditsa. Ine ndinkadziuza kuti ndi wolondera kapena chidakwa.

"Tatseka!" ndinakuwa.

"Mwandiitana."

Sindikumbuka kuti ndinachotsa mpiringidzo. Mwina ndinachotsa. Chimene ndikukumbuka n'chakuti chitseko chinali chotsegula ndipo munthu anaima pakhomo. Wamtali bwino, wosanenepa. Malaya a khaki, kumapazi kulibe nsapato. Fumbi linali loyera mpaka m'mawondo, ngati munthu amene wayenda masiku. Kumutu anamanga kansalu koyera kodutsa pansi pa chibwano. Ndinati mwina dzino likumupweteka. Kenako ndinakumbuka kuti anthu amene timawamanga chibwano chotero ndi akufa.

"Mwati munthu wanga ali muno."

"Ndi za mufilimu, bwana," ndinatero. "Timangotchula mayina. Muno ndili ndekha."

Anayang'ana sikirini. Mnyamata wa magalasi anali ataima chiimire m'kabati muja, kukamwa kuli yasa.

"Filimu yake yotani?"

"Ya... ya munthu wakufa. Wobwerera."

"Kudzatani?"

"Kudzaona anzake."

Analowa. Anakhala pa benchi yachitatu, ija yolira ngakhale pakhale mwana. Siinalire. Anaika manja pamawondo.

"Pitirizani. Ndikufuna ndione mathero ake."

Ndinatola maiki pansi. Inali yozima, koma manja anga ankafuna chogwira. Ndinadina batani. Pakati pa ine ndi masaka aja panali phazi limodzi lokha, ndipo ndinkamva Atumani akupuma. Ndinakweza voliyumu.

Womasulira ndinalibe. Chimene ndinali nacho ndi pakamwa pomwe panayambitsa zonsezi. Ndinaganiza kuti ngati munthuyu wakhala pansi kumvera nkhani, ndimuuze nkhani yoti imubweze.

"Apa mzimu uja wafika pakabati," ndinayamba. "Koma taonani, waima. Ukuganiza. Ukuti, kodi ine ndikamupha uyu ndidzuka? Sindidzuka ayi."

Pa sikirini mzimu unkaswa kabati ndi nyundo.

"Apa ukumutsegulira kuti apume mpweya. Mwatentha m'kabatimo."

Mlendo sanaseke. Sanaphethire. Ndipamene ndinaona za udzudzu. Ine unkandidya kumaso, m'khosi, m'manja. Iye sunamuyandikire. Unkafika pafupi n'kupatuka, ngati pali moto.

Mnyamata wa magalasi anathawira m'tchire. Ndinati akupita kukaitana abale kuti akambirane. Anagwa n'kuthyoka mwendo. Ndinati wagwada, akupepesa. Analira, mamina ali chuchuchu, akulankhula Chipwitikizi chothamanga. Ndinati akunena kuti inali nkhondo, aliyense ankaopa, ali ndi mkazi amene alibe wina womusamala. Apo sindinkanamanso. Ndinkalira ndine. Ndinanena kuti munthuyu sanagonepo tulo tabwino zaka zinayi, kuti amakonza njinga za ana amasiye ulere, kuti chilango walandira kale. Ndinaiwala n'zoti mufilimumo mulibe njinga.

Mzimu unakweza nyundo. Ndinayala chikhatho pa sikirini, n'kuzimitsa deki.

"Yathera pomwepa," ndinatero. "Wamukhululukira. Wabwerera kumanda kwake kukagona."

M'holo munatsala kuwala kwa buluu. Mlendo anaimirira bwinobwino.

"Mumatha kufotokoza, Che Wadi."

Dzina langa sindinamuuze.

"Koma gawo loyamba munalionera?"

"Ayi, bwana. Sitinalipeze."

"Ndiye mukuweruza bwanji filimu yoyambira pakati?" Mawu ake analibe ukali, ndipo ndicho chinandiopsa koposa. "Simunadzifunse kuti munthu amadziwa bwanji kumene chigawenga chimagona? Amene ankandibweretsera chakudya kumeneko ndani? Amene ankandiuza nyumba zokhala ndi mbuzi ndi wailesi ndani?"

Anatembenukira kumasaka kuja.

"Mng'ono wanga, dzuka. Kwada. Amayi akutidikira."

Masaka anagwedezeka. Atumani anatuluka, nkhope ili mbuu ndi fumbi. Ndinamugwira dzanja. Linali lotentha, lamoyo.

"Usapite," ndinanong'ona. "Tikuwe. Anthu abwera."

Anandiyang'ana. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, koma anangochotsa zala zanga chimodzichimodzi.

"Mukamuuze Mwanamvua kuti njinga ya aphunzitsi yatha, angowapatsa."

Anatuluka, wamtali patsogolo, Atumani pambuyo. Ndinamva mapazi a munthu mmodzi akulowera kumsewu wa ku Chowe. Ine ndinakhala pansi pomwepo. Sindinawatsatire, ndisakunamizeni. Ndinachita mantha. Jenereta inatha mafuta yokha, ndipo ndinakhala mumdimamo mpaka mwazini wa kumzikiti ataitanira anthu swala ya kum'mawa.

Kutacha tinasaka. Tinafika ku Chowe, tinafunsa ogulitsa mabasiketi ndi ogulitsa makala, tinafunsa asodzi m'mbali mwa Shire. Palibe anamuona. Koma mawu anga pa chimkuzamawu anawamva aliyense. Ena ankanong'ona kuti ndi anthu amoyo a kutsidya kwa malire amene anamutenga, akuti analipo ambiri oyendayenda m'misika kusaka anzawo, ndipo ine ndinangowalozera khomo. Ena ankati amoyo savala nsalu kuchibwano. Onse ankagwirizana chimodzi: Wadi ndi pakamwa pake. A Hamisi anaiponya tepiyo m'chimbudzi.

Mwanamvua sanalire pamaso panga. Anabwera madzulo a tsiku lachitatu, filimu itatha, n'kuima pakhomo la holo.

"Munaitana wakufa, anabwera," anatero. "Itananinso mwamuna wanga."

"Mlamu, zimenezi..."

"Lumikizani chingwecho."

Ndinalumikiza. Ndinaitana. "Atumani! Atumani, bwerera, mkazi wako akukudikira mwa a Hamisi!" Mawu anga anapita mpaka kumlatho. Tinadikira. Palibe. Iye anamanga chitenje n'kumapita. Mawa lake anabweranso, ndi mkuja womwe. Madzulo aliwonse ndinkaitana katatu, iye ataima pakhomo, kenako ankapita osatsanzika.

Tsiku lachisanu ndi chinayi kunagwa kamvula. Ndinaitana katatu monga mwa masiku onse. Mwanamvua anadikira pang'ono, nafunda chitenje kumutu, n'kuthamangira kwawo. Ndinatseka chitseko, n'kuika mpiringidzo. Ndikukulunga zingwe, agalu a kuchigayo anasiya kuuwa.

"Odi, Che Wadi."

Anali mawu a Atumani. Ndikanawazindikira pakati pa anthu chikwi. Koma ankatuluka movutikira, ngati munthu wolankhula mano atalumana.

"Mwandiitana."

Ndinaima ndi chingwe m'manja. Pansi pa chitseko panali mpata, ndipo ndinaona zala za kumapazi, zoyera ndi fumbi, mvula ikugwa koma zosanyowa.

"Mwanamvua ali momwemo?"

"Kulibe," ndinatero.

"Ali kuti? Njira ya kunyumba yandisokonekera. Mundilozere."

Nyumba yake inali kuseri kwa chigayo, mapazi makumi asanu okha kuchokera pamene anaimapo. Ndinatseka pakamwa ndi manja onse awiri. Anafunsa kawiri. Kachitatu anangotchula dzina langa, mofatsa, monga ankachitira ikafika nthawi yanga yosewera pa bawo. Sindinatsegule, ndipo sindinayankhe.

Mawa lake Mwanamvua atabwera ndinamuuza kuti chimkuzamawu chapsa ndi mvula. Anandiyang'ana n'kunena kuti ndine munthu wopanda chisoni. Nkhondo itatha anakwera lole ya obwerera kwawo, akundidabe. Mpaka lero sindinamuuze kuti mwamuna wake anabwera.