Mtengo Umene Unalibe pa Mapulani

Pali chinthu chimene Zelipa sanauzepo munthu. M'miyezi yotentha ankalowa m'nyumba kudzera khomo lakumbuyo, la ku zinyalala, kuti anzake asamuone akupereka moni kwa amayi ake.

Nyumba zosanja za ku Bramalea, kutsidya kwa nyanja, zinamangidwa kalekale, zotuwa, zotalikirana, kapinga ali pakati. Madzulo dzuwa likapepa, amayi ake ndi anzawo a ku Malawi ndi ku Zambia ankayala zitenje pansi pa mtengo waukulu wa pakapingapo, miyendo tambalale, kulukana tsitsi, kuseka mpaka a m'mwamba kusuzumira pamawindo.

Kenaka khonsolo inaganiza zokonzanso deralo. Ojambula mapulani anabwera kusukulu ndi kachifanizo ka mzinda watsopano: njira za njinga, mashopu, bwalo la simenti la mabenchi. Mtengo uja munalibe. Mtsogoleri wawo, mayi Mathilda, anati anayendera malowo mu Febuluwale, nthawi yozizira, ndipo sanapezepo munthu, chipale chofewa chokhachokha.

M'foni mwa Zelipa munadzaza zithunzi za azimayi aja, zimene ankajambula mobisa ali pawindo. Anafuna kukweza dzanja kuti aziwonetse, koma linakana kukwera. Belu litalira, anzake akutuluka, anakaika foniyo patebulo, zithunzizo zikuoneka. Mayi Mathilda anaziyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati mabenchi sangawathandize azimayiwo. Zelipa ananong'ona kuti wolukidwa amakhala pansi, pakati pa miyendo ya womuluka, ndipo pamafunika mthunzi. Za amene anali pazithunzipo sanatchule.

Bwalolo litatsegulidwa, simenti inali itakhota kulambalala mtengo. Pansi pake anayalapo matabwa osalala, otambalala bwino.

Tsiku lina Zelipa anatsika basi ndi Ryan, mnzake wa m'kalasi. Miyendo ya Zelipa inayamba yokha kukhotera ku khomo lakumbuyo. Anaibweza.

"Azungu atimangira khonde, mwana iwe!" anafuula Anti Sikina, mnzawo wa amayi ake. "Nanga lero wadzera kuno bwanji? Khomo la zinyalala alitseka?"

Azimayi onse anafa nacho chiseko. Amayi ake okha sanaseke, anangopitiriza kuluka, maso ali pa mwana wawo. Kani ankadziwa nthawi yonseyi.

Ryan anafunsa ngati akuwadziwa anthuwo.

"Avala chitenje chobiriwirawo ndi amayi anga," anatero Zelipa, mokweza kuti nawonso amve. "Mtengo uwu unatsala chifukwa cha iwowo. Tiye ukawapatse moni, ndi manja awiri."