Dzanja la a Telala

Benchi la pa ofesi ya chipukuta misozi Kasingano analidziwa bwino kuposa mpando wake wa m'kalasi. Ankadziwa pamene panatuluka msomali wokola siketi, ankadziwanso kuti ukakhala chakumapeto limapendekeka. M'mawa umenewo analinso pomwepo, atavala yunifomu, chikwama cha mabuku chili pamiyendo, maso akulemera ndi tulo. Pambali pake panali bambo ake, amene aliyense ankangowatchula kuti a Telala. Anali atavala malaya oyera ositidwa bwino, dzanja lamanja atalibisa m'thumba la jekete.

Dzanjalo ndilo linawabweretsa kumeneko. Miyezi ingapo m'mbuyomo, a Telala akuchokera kogula nsalu dzuwa likuswa mtengo, anyamata awiri anawatsekereza pakanjira ka kuseri kwa depoti. Iwo anakakamira mtolo wawo, poti munali nsalu za eni ake. Mmodzi wa anyamatawo anasolola chikwanje n'kuwatema pamkono, pafupi ndi chikhatho. Bala linapola, koma zala zinangoti gwaa, osapindika, ndipo chala chachikulu chinkanjenjemera akati agwire kanthu kakang'ono. Kwa munthu wodyera singano, pamenepo ntchito yatha.

Apolisi anawauza kuti kuli ofesi yopereka chipukuta misozi kwa anthu ovulazidwa ndi zigawenga. Kungomva chabe, munthu ukanati n'zophweka. Ha! Anayenda mpaka nsapato kutha zidendene. Lero akuti bwana ali kumsonkhano, mawa akuti kabwereni ndi chidindo cha kupolisi, mkuja akuti chidindocho sichikuoneka bwino. Komabe tinene zoona, amene anaononga nkhani kwenikweni sanali a pa ofesi ayi. Anali a Telala eni ake.

Dokotala woyamba atawafunsa kuti dzanja likupeza bwanji, iwo anamwetulira n'kuyankha kuti, "Ndili bwino ndithu, adokotala, tikuthokoza." Atawafunsa za ntchito, anati, "Shopu ndi yotsegula, makasitomala akubwera." Dokotalayo analemba zimene anamva. Ofesi inayankha kuti munthu anachira, palibe chopereka. Amayi a Kasingano ndiwo anachonderera mpaka analoledwa kukaonana ndi dokotala wina pa ofesi pomwepo, ndipo anauzidwa mosapita m'mbali kuti ulendo umenewu ndi womaliza.

Shopu inalidi yotsegula, koma funsani amene ankaitsegula. Kasingano, amene bambo ake anamupatsa dzinali ali wakhanda chifukwa cha kuonda, ankadzuka kusanache. Ankalowetsa ulusi m'masingano onse n'kuwabaya pakatsamiro, mzere bwinobwino, kuti bambo ake akangotola. Ankadula nsalu motsatira choko chimene iwo analemba ndi dzanja lamanzere. Akaweruka kusukulu ankakhala pamakina kuseri kwa katani mpaka msana kuuma, a Telala ali kutsogolo ndi tepi m'khosi, kuyeza anthu ndi kuseka nawo. Ankatero kuti telala wa patsidya pa msewu, amene ankalimbirana naye makasitomala kuyambira kalekale, asamve kanthu.

Ndiye panalinso nkhani ya mabatani. M'mawa uliwonse a Telala ankavala malaya, n'kuima pakhomo, n'kukweza chibwano pang'ono ngati akuyang'ana nyengo. Kasingano ankabwera ngati akufuna kuwakonza kolala, n'kumanga mabatani onse msangamsanga. M'nyumba monse ankachita ngati sakuona.

Kutatsala tsiku limodzi kuti akaonane ndi dokotala wachiwiriyo, madzulo kunabwera amalume ake a Kasingano, atanyamula bandeji ndi ndodo yoyendera.

"Alamu, mawa musakapusenso," anatero amalumewo. "Timange mkono wonsewu mpaka m'phewa. Polowa muzikatsimphina, muzikabuula. Kumaofesiku munthu wosalira samuona."

"Ananditema mkono, alamu, osati mwendo," anayankha a Telala. "Ndikatsimphine chifukwa chiyani? Ine si wopemphapempha. Bodza sindinena."

Amalume anapukusa mutu, natenga ndodo yawo n'kumapita. Amayi a Kasingano, amene anali atangofika kuchokera kumsika, anakhala pampando osavula n'komwe nsapato. Analankhula motsitsa, mawu a munthu wotopa ndi kukangana.

"Abambo, mwini nyumba ya shopu wabweranso kudzafuna lendi. Aphunzitsi nawo andiitana, akuti mwanayu akumagona m'kalasi, masamu walephera. Zinthu ziwiri sangazithe. Mawa zikakanika, teremu ino ikatha angosiya sukulu, akhale pamakina tsiku lonse. Ine nzeru zandithera."

Kasingano anamva zonse ali kukhitchini, ndipo mtima unamuwawa kwambiri, chifukwa sukulu ankaikonda.

Tsopano ali pabenchi paja, anayesa kulimba mtima.

"Bambo," anayamba motsitsa, "lero mukawauze zoona."

"Ndinanamapo liti ine?"

"Amalume amafuna munene kuti mukudwala kwambiri. Inu mumanena kuti simukudwala n'komwe."

"Iwe, ukulankhula ndi ndani?" A Telala anamuyang'ana ndi diso lofiira. "Ukufuna tauni yonse imve kuti ndine wolumala? Ndani angapereke suti yake kwa telala wopanda dzanja? Khala chete, za akuluakulu sungazimvetse."

Kasingano anayang'ana wotchi ya pakhoma. Anzake anali atayamba kale phunziro lachiwiri. Mzere unkayenda pang'onopang'ono: mayi wina wa chipsera pamphumi, mnyamata wa ndodo ziwiri, mkulu wina amene ankangowodzera. Onse anali ndi nkhope za anthu amene anabwerapo kambirimbiri.

Dzuwa litakwera ndithu, kalaliki anasuzumira pazenera n'kuwakodola. Kasingano anatsatira bambo ake, atawanyamulira jekete yawo.

Dokotala wa tsikulo anali mayi wachikulire wa magalasi, nayenso wooneka wotopa. Chipinda chake chinali chaching'ono: tebulo, mipando itatu, sinki yodontha, ndi fani imene inkangolira osabweretsa mphepo.

"Vulani malaya, bambo, ndione mkono wonse," anatero dokotala.

Kumasula mabatani n'kosavuta. A Telala anatembenukira kukhoma, nakankha mabatani ndi dzanja lamanzere, n'kutsala ndi vesiti. Dokotala anagwira chipsera, anapinda chigongono, anasisita zala.

"Apa mukumva kuwawa?"

"Pang'ono chabe. Si nkhani."

"Fumbatani."

A Telala anakukuta mano, zala zinasuntha pang'ono. "Zimangouma m'mawa chonchi, adokotala. Kukatentha zimamasuka."

"Ntchito mukugwira?"

"Shopu ndi yotsegula."

Kasingano anadzutsa mutu. Mawu omwe aja! Dokotala anapumira m'mwamba, natenga cholembera, n'kuyamba kulemba. "Chabwino. Valani, bambo."

A Telala anaponya malaya m'mapewa, nalowetsa mikono. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo n'kukweza chibwano pang'ono, ngati akuyang'ana fani ija.

Miyendo ya Kasingano inadzuka yokha, poti inazolowera. Anali ataimirira kale theka pamene anaona cholembera cha dokotala chikuthamanga papepala. Anabwerera pampando. Anaika manja onse awiri kunsi kwa ntchafu zake n'kuwakhalira.

"Kasingano," anatero a Telala chapansipansi.

Iye anayang'ana pansi.

"Kasingano, kolala."

Sanasunthe. Chibadwire anali asanawakanirepo bambo ake, ndipo ankadziona ngati mwana woipitsitsa padziko lonse. Anakanikiza manjawo mwamphamvu mpaka kuchita dzanzi.

A Telala anaona kuti dokotala wadzutsa mutu. Ndi dzanja lamanzere lokha mwina akanatha, pang'onopang'ono, koma kutero kunali kuvomera. Choncho anakweza manja onse awiri ngati munthu wabwinobwino. Malayawo anasoka okha asanavulale, ndipo timabowo ta mabatani anatipanga tothina, monga ankanyadira nthawi zonse. Chala chachikulu chinayamba kunjenjemera. Batani linaterereka. Anayesanso, linatererekanso. Thukuta linayamba kutsika m'masaya. M'chipindamo munkangomveka fani ndi madzi odontha musinki. Atayesa kachitatu anakoka mwaukali, ulusi unaduka, batani linagwa pansi n'kugubuduka mpaka kukaima paphazi la Kasingano.

Dokotala anaika cholembera patebulo. "Bambo, kunyumba amakumangirani mabatani ndani?"

A Telala anayang'ana kukhoma. "Mwanayu."

"Ulusi pasingano?"

"Mwanayu."

"Sizasi amagwira ndani? Makina amapalasa ndani?"

"Mwanayu, adokotala."

"Nanga sukulu amapita nthawi yanji, poti ndikumuona ali muyunifomu?"

Pamenepo a Telala anatembenuka n'kumuyang'ana mwana wawo, kumuyang'anitsitsa kwenikweni, mwina koyamba chivulalire. Anaona maso ofiira, khosi loonda kuposa kale, ndi mapewa akugwedezeka poti ankalira osatulutsa mawu.

"Tatulutsa manjawo," anatero.

Kasingano anawatulutsa. Nsonga za zala zinali zobayikabayika ndi singano, ndipo pachala chachikulu panali thuza la sizasi limene linaphulika n'kuyambanso.

A Telala anakhala pampando. Atalankhula, mawu awo anali osasa.

"Adokotala, fufutani zimene ndanena zija. Dzanjali silikugwira ntchito. Supuni imandipulumuka. Chivulalire sindinasokepo ngakhale mpendero umodzi. Usiku limandiwawa mpaka m'phewa, ndimangoluma pilo kuti ana asamve. Lembani zimenezo."

Dokotala anatenga pepala lina n'kuyambiranso. Anafunsa mafunso ambiri, ndipo a Telala anayankha onse, osamwetulira, osakometsa. Pomaliza dokotalayo anati, "Ndalemba zimene ndaona ndi maso anga. Nkhani yanu itsegulidwanso, ndipo ndikutumizani kwa anzathu olimbitsa mafupa ndi minyewa. Mukananena zoona kale, bwenzi zalazi zitayambako kumasuka."

Pazenera kalaliki anadinda mapepala n'kunena mawu ake a masiku onse, akuti adzabwerenso mwezi wamawa. Koma ulendo uno anawonjezera kuti zikuoneka kuti ziyenda.

Anatuluka panja. A Telala ankayenda patsogolo, malaya ali yasaa, vesiti ikuonekera, anthu a pabenchi akuwayang'ana. Jekete sanaifunse. Kasingano ankatsatira m'mbuyo, batani lija atalifumbata m'manja, akudikira kukalipiridwa. Ankadziwa kuti wawachititsa manyazi bambo ake pamaso pa mlendo, ndipo anali wokonzeka kumva chilichonse.

Atafika pageti a Telala anaima. Sanakweze chibwano, sanayang'ane kumwamba. Anamuyang'ana mwana wawo m'maso.

"Mwanangu, tandimangira mabataniwa. Ine sindingathe."

Ananena mokweza ndithu, moti mlonda wa pageti anamva. Kasingano anaika jekete paphewa n'kuyamba kumanga. Pakati pa malaya panatsala mpata pamene panachoka batani lija.

"Pepani, bambo," anatero.

"Wopepesa ndine. Thamanga, mwina masamu ukawapeza. Amayi ako ndikawauza ndekha kuti za kusiya sukulu zija aiwale. Pamakina tipeza munthu wamkulu woti azipalasa, ine ndiziyeza ndi kulemba choko. Amene akufuna kuseka aseke."

Kasingano anatambasula chikhatho n'kuwaonetsa batani. "Ili ndidzasokerera ndikaweruka."

"Ukaweruka uwerenge, kenako ugone," anatero a Telala. Analitola ndi dzanja lamanzere n'kuliponya m'thumba la malaya. "Ili ndipita nalo kwa mnzanga wa patsidya pa msewu uja. Amasoka mokhotakhota, koma batani limodzi sangalephere."