Alonda a M'mimba mwa Chiwala

Uyu ndi Mafunso. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake. Pakamwa pake sipatha mafunso.

Mafunso ali ndi mng'ono wake. Onse amamutchula Chiwala. Mwana ameneyu sayenda, amangodumpha.

Koma tsiku lina Chiwala sanadumphe. Anagona pabedi ali lobodo. Ankatsegula m'mimba. Mafunso ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna Chiwala adumphenso.

Amayi anali atalawirira kuntchito. Bambo anali atangoweruka kumene. Bambo ndi mlonda. Amalondera geti lalikulu la fakitale. Amavala chipewa chabuluu.

Chiwala anamwa madzi. Posakhalitsa anapita kuchimbudzi. Anamwanso. Anapitanso.

Bambo anakanda mutu.

"Ndaliona vuto," anatero. "Chalowa, chatuluka. Chalowa, chatuluka. Kuntchito zikavuta, ine ndimatseka geti. Palibe wolowa, palibe wotuluka."

Anatenga kapu ya madzi. Anaiika pamwamba pa kabati.

Koma bambo awanso! Mwana amuyesa fakitale?

"Ababa, nanga akamva ludzu?" anafunsa Mafunso.

"Apirire pang'ono. M'mimba muume kaye."

Bambo anakhala pampando. Maso awo analemera. Anayamba kusinza.

Dzuwa linakwera. M'chipinda munatentha. Chiwala sanapemphenso madzi. Milomo yake inauma gwa. Maso ake analowa m'kati.

Mafunso anamugwira dzanja. Chiwala analira motsitsa. Mafunso anamuyang'ana m'maso. Anathamangira kwa bambo.

"Ababa! Dzukani! Ababa!"

"Chiyaninso, mwana iwe?"

"Chiwala akulira, koma misozi palibe. Misozi yapita kuti?"

Bambo anadzambatuka. Anayang'ana Chiwala. Tulo tonse tinabalalika. Anamunyamula msangamsanga.

"Tseka chitseko! Tiye kuchipatala!"

Anathamanga. Mutu wa Chiwala unkagwera uku ndi uku. Mafunso ankathamanga pambuyo. Chipewa cha bambo chinagwa. Mafunso anachitola. Anali ndi mantha kwambiri.

Kuchipatala kunali anthu ambiri. Koma anamwino atangomuona Chiwala, anati, "Bwerani naye kuno msanga!"

Anamugoneka pabedi. Anamutsina pamimba pang'ono. Khungu linachedwa kubwerera.

"Wamwa liti madzi mwanayu?" anafunsa anamwino.

"M'mawa," anayankha bambo. "Kenako ndinatseka geti."

"Geti lanji?"

Bambo analoza pakamwa pa Chiwala. "Kuti zisiye kutuluka."

"Aa, bambo inu!" Anamwino anapukusa mutu. "Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndine mlonda."

"Ndiye mumva bwino. Mwanayu alinso ndi alonda ake."

"Ali kuti?" anafunsa Mafunso.

"M'mimba umu. Ndi timaselo ting'onoting'ono. Timatchedwa maselo a T. Ena amakhala pakhoma la matumbo. Ena m'mapapo. Sadikira kuitanidwa. Amakhala pageti pomwepo."

"Amadziwa bwanji kuti wakuba wabwera?"

"Tizilombo ta matenda tikamapanga zakudya zawo, timasiya zinyenyeswa. Alonda akaona zinyenyeswazo, nkhondo yayambika. Khoma likang'ambika, amathandizanso kulikonza."

Anamwino anatembenukira kwa bambo.

"Panopa ali pankhondo. Nanga mlonda wopanda madzi amatani?"

Bambo anayang'ana pansi.

"Amagwa," anatero.

Anamwino anasungunula kapaketi m'madzi. Anali madzi a mchere ndi shuga. Anapereka kapu ndi supuni kwa bambo.

"Mumwetseni pang'onopang'ono. Akakana, tiika diripi. Thupi lake lauma kwambiri. Sitidikira nthawi yaitali."

Bambo anatunga ndi supuni.

"Imwa, mwanawe."

Chiwala anatseka pakamwa.

"Imwa, chonde."

Chiwala anatembenukira kukhoma.

"Ababa anati ndisamwe," ananong'ona.

Anamwino anabweretsa singano ya diripi. Anaiika patebulo. Chiwala anaiona. Anabisa dzanja, koma pakamwa sanatsegule.

Mafunso anayang'ana singano. Anayang'ana chipewa chimene chinali m'manja mwake. Anachivala. Chinamufika m'maso. Anatenga supuni ija.

Anagogoda pachibwano cha Chiwala. Go, go, go.

"Odi pageti!"

Zii.

Go, go, go. "Odi pageti! Tabweretsa madzi a alonda!"

Chiwala anatsegula diso limodzi.

"Alonda anga?"

"Eya, ako. Akumenya nkhondo. Ali ndi ludzu."

Chiwala anayang'ana bambo. Bambo anagwada pafupi ndi bedi.

"Ndinalakwitsa, mwana wanga," anatero. "Tsegula geti."

Chiwala anatsegula pakamwa pang'ono. Supuni inalowa. Anameza.

"Odi pageti!" Supuni ina.

"Odi pageti!" Inanso.

Kenako, mayo ine! Chiwala anasanza. Mafunso anafuna kulira.

"Zonse zatuluka! Titani?"

"Si zonse," anatero anamwino. "Apume kaye. Kenako uyambirenso. Pang'onopang'ono ndi mtolo."

Anadikira. Singano inali pomwepo patebulo. Mafunso sanafune kuiyang'ana.

Go, go, go. "Odi pageti!"

Supuni inalowa. Sinabwerere. Ina inalowa. Sinabwerere. Dzanja la Mafunso linatopa, koma sanasiye. Kapu inatha. Anamwino anadzaza ina.

Madzulo amayi anafika ali wefuwefu. Aneba ndiwo anawauza.

"Mwana wanga ali kuti?"

Chiwala anamva mawu a amayi. Anakweza manja. Analira mokweza, "Amayiii!"

Mafunso anamuyang'ana m'maso. Mafunso anadumpha ndi chimwemwe.

"Ababa, onani! Misozi! Misozi yabwera!"

Inalidi misozi. Inkatsika m'masaya onse awiri.

Amayi anadabwa. "Mwana akulira, inu mukuseka?"

Bambo ankaseka, koma nawonso misozi ili mbwe. Anamwino anatenga singano ija. Anaibwezera m'kabati.

Patapita masiku, Chiwala anachira. M'mawa wina bambo anafika kuchokera kuntchito. Atatsegula chitseko, china chake chinawadumphira pamsana. Anali Chiwala!

"Ababa, alonda anga akuti ali ndi ludzu."

Bambo anaima njo. Anamenya sawatcha ngati msilikali. Anathamanga kukatunga madzi.

"Ababa," anafunsa Mafunso, "nanga inu kuntchito mumamwa madzi?"

Bambo anakanda mutu. "Ndimaiwala."

Mafunso anatenga chipewa chabuluu chija. Chiwala anatenga supuni yaikulu. Onse awiri anagogoda pachibwano cha bambo.

Go, go, go.

"Odi pageti!"

Bambo anatsegula geti lonse.