Jombo Zoyera za Vitus

Amene tinkakhala ku Nairobi kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 tikuikumbukira nyumba ya a Sylvester Nankwenya ku Lavington. Sinali yaikulu kuposa zina, koma Mmalawi aliyense wobwera kudzagwira ntchito kapena kudzaphunzira ankayamba wafika pamenepo. A Sylvester ankagwira ntchito ku bungwe lina lakunja lothandiza pa zomangamanga, ndipo anali munthu woti akanena kuti khoma ili lakhota, womanga ankayamba yekha kugumula. Akazi awo, a Magdalene, ndiwo ankatsogolera kwaya yathu ya Amalawi ku tchalitchi. Ana anali awiri, Vitus ndi mlongo wake Lenah. Pa nyumbayo sankadya asanawerenge Baibulo, ndipo Vitus akamapemphera ife alendo tinkasirira.

Mnyamatayu anaphunzira za zomangamanga ku koleji ndipo anakhoza bwino. Bambo ake ankakonda kumuuza kuti, "Mwana wanga, munthu ukhoza kumunamiza, koma simenti ayi. Iyo imangochedwa kuyankha."

Kunja kwa mzinda, cha ku Kitengela, kunali kamtsinje kamene m'chilimwe kankangokhala mchenga, koma mvula ikagwa kankalusa. Tsidya lina kunali midzi, tsidya lino sukulu. Nkhani ya mlatho inkakambidwa ku khonsolo ya deralo chaka ndi chaka, n'kumathera pa tiyi.

Amene sanailole kufa anali Mayi Mwikali, mphunzitsi wopuma ntchito, mkazi yekhayo pakati pa makhansala. Ine ndinkagwira ntchito pansi pa a Sylvester, ndipo tsiku lina ananditenga kukamvera zokambirana, chifukwa bungwe lathu linali litalonjeza simenti ngati khonsolo ivomereza. Mpaka lero sindinaonenso munthu wodziwa kutsutsana ndi anzake mwaulemu ngati mayi ameneyo.

Woyamba kuimirira anali Bambo Parsitau, khansala wa alimi a ng'ombe, munthu wamtali wolankhula modekha.

"A Wapampando, ine sindidana ndi mlatho. Koma amene amalipirira ana sukulu ndi ng'ombe, ndipo ng'ombe zikufa ndi nkhupakupa. Timange kaye dibi losambitsira ng'ombe."

Ambiri anagwedeza mitu, pakuti zinali zomveka. Mayi Mwikali anawerama, navula nsapato zawo zodzaza matope, naziika pa tebulo la khonsolo, pamwamba penipeni.

"Nsapato izi zaoloka mtsinjewo m'mawa uno. Ine ndine wamkulu, madzi andifika m'chiuno. Ndikufunsa nyumba ino kuti mwana wa Sitandade 1 amufika pati."

"Amayi, chotsani nsapato pa tebulo," anatero wapampando.

"Ndizichotsa mukavota, bwana. Sizikuthamangira kulikonse."

Anthu anaseka, koma anavota, ndipo mlatho unapambana. Kenaka kunabuka mkangano wina. Ndani adzayang'anira kontilakitala kuti asabe simenti? Dzina lililonse likatchulidwa, wina ankadzuka n'kunena kuti ameneyo ndi mphwake wa uje, kapena mlamu wa wogulitsa mchenga. Anafika pokunga nkhope, mpaka Mayi Mwikali anatembenukira kumene tinakhala ife.

"Bambo wa ku Malawi uyo ali ndi mwana amene anaphunzira ntchito imeneyi. Kuno alibe amalume, alibe mlamu, alibe fuko. Timupatse iyeyo."

Ngakhale Bambo Parsitau anavomera. Ine ndinanyadira kwambiri tsiku limenelo, ngati kuti asankha mwana wanga.

Kunyumba, a Sylvester anamugulira Vitus jombo zatsopano. Pomupatsa anati, "Amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Anthu aja akhulupirira kuti kalumo uli nako. Konkire akamathira, iwe uzikhala uli pomwepo, maso pa thumba lililonse. Usadzamve za m'maluwa."

A Magdalene anangoonjezera kuti, "Dzina limene wanyamulalo si lako wekha."

Masabata oyamba Vitus anagwira ntchito mokoma. Ankadzuka m'mamawa, kukwera minibasi imene kumeneko amati matatu, kubwera madzulo jombo zili phulusa la simenti lokhalokha. Amayi a m'midzi ija ankasenza miyala pamutu osalipidwa, ntchito yothandizana imene kumeneko amati harambe, ndipo Mayi Mwikali ankasenza nawo.

Ndiye kunabwera Spencer. Uyu anali Mmalawi mnzathu amene anadzaphunzira ku Nairobi, sukulu n'kumukanika, ndipo tsopano ankayendetsa lole ya kontilakitala kuchokera ku Industrial Area. Pakamwa pake panali potsekemera. Atamva Vitus akuyankhula Chichewa anamukumbatira ngati anabadwa bere limodzi.

"Achimwene, dzuwa lonseli mukudzipsereza chifukwa chiyani? Tiyeni apa pa Kitengela tikalawe nyama choma. Konkire sathawa."

Tsiku loyamba Vitus anakana. Lachiwiri anapita namwa Fanta. Sabata isanathe, botolo limene linali patsogolo pake silinalinso la Fanta. Iye akakhala pa mthunzi akudya nyama yootcha, matumba a simenti ankakwera lole n'kubwerera ku tauni, ndipo m'zipilala za mlatho munkalowa mchenga wambiri.

Panali njira imene ankayesera konkire. Pothira chipilala chilichonse, woyang'anira ankayenera kutapa konkire yemweyo, kuumba timatofali ting'onoting'ono, n'kutitumiza ku Industrial Area kuti makina akatifinye ndi kuona kulimba kwake. Spencer anamuonetsa Vitus chochita. Ankakandira konkire wina m'beseni, pambali, wa simenti yochuluka, ndipo timatofali tochokera m'besenimo ndi timene tinkapita ku makina. Tonse tinkapambana.

Vitus atayamba kuda nkhawa, Spencer anamuseka.

"Aise, anakusankha chifukwa chiyani? Si chifukwa choti kuno ulibe mbale? Ndiye tandiuza, pa mlatho umenewu adzaolokapo ndani wako? Mlendo ndi mame. Ine ndi iwe mawa tili pa Chileka."

Mawu amenewo anamukomera Vitus, ndipo anawasunga mumtima.

Woyamba kuona anali Lenah, amene anamva fungo la mowa pa malaya a mchimwene wake, koma anachita mantha kunena. A Magdalene anamupeza akugona pa nthawi ya pemphero nam'funsa, iye n'kuti ndi kutopa. Koma a Sylvester anangoyang'ana pakhonde pamene panali jombo zija.

"Vitus, jombo zako zayera bwanji chonchi?"

"Ndimazitsuka ku ntchito konko, bambo."

"Ine ndagwira ntchito imeneyi tsitsi mpaka kuchita imvi. Simenti ikagwira jombo sichoka. Mwana wanga, ngati pali chimene chalakwika, nena lero pamene chikadali chokonzeka."

"Palibe, bambo."

A Sylvester anamuyang'ana nthawi yaitali. Akanatha kupita okha kukaona, koma anaganiza kuti bambo wolondalonda mwana wake pa ntchito amamuchotsa ulemu pamaso pa anthu. Anasankha kumukhulupirira.

Mlatho utatsala pang'ono kutha, nkhaniyo inafikanso ku khonsolo. Bambo Parsitau anaimirira, nkhope ili yosasangalala.

"A Wapampando, abusa a ng'ombe amayenda ponseponse. Akundiuza kuti lole imabwera ndi simenti n'kubwereranso nayo. Sindikuneneza munthu. Ndikungopempha kuti tisatsegule mlathowu tisanafufuze."

Mayi Mwikali sanakwiye. Anapempha kuti mnyamatayo aitanidwe ayankhe yekha. Vitus anaimirira pamaso pa makhansala onse, bambo ake atakhala kumbuyo, ndipo mawu ake sananjenjemere n'komwe.

"Ndinalipo pothira chipilala chilichonse. Timatofali tonse tinapambana."

"Mwamva," anatero Mayi Mwikali. "Mwana uyu ndinamubweretsa ndine, ndipo ndikuika dzina langa pa mawu ake. Pa tsiku lotsegulira ndidzaoloka ndine poyamba, ana a sukulu ali pambuyo panga."

Bambo Parsitau anawerama pang'ono. "Ngati mayi aikapo dzina lawo, ine ndabweza mawu anga."

Vitus anamva za ana a sukuluwo, ndipo anapita kwawo n'kukadya bwinobwino. Apa mpamene pamandiwawa ndikamaikumbukira nkhaniyi.

Mvula inayamba msanga chaka chimenecho. Kutatsala masiku ochepa kuti atsegulire, a Magdalene anabwera kuchokera ku tchalitchi akumwetulira.

"Vitus, Mayi Mwikali atumiza uthenga. Akuti popeza woyang'anira ndi Mmalawi, kwaya yathu ikaimbe. Tikaoloka pamodzi ndi ana, ine ndi Lenah kutsogolo. Ndasita kale chitenje."

Vitus anasiya kapu ya tiyi. M'mawa mwake anathamangira ku Industrial Area kukafuna Spencer, koma anamuuza kuti anachoka sabata yatha osatsazika. Anabwerera ku Lavington, napeza bambo ake akuvala tayi, ndipo anagwada pansi nanena zonse, za mowa, za lole, za beseni.

A Sylvester sanakalipe. Anavula tayi, natenga hamala, ndipo anandiimbira foni kuti ndiwaperekeze. Titafika pa mtsinje madzi anali atayamba kale kuyenda. A Sylvester anatsikira pansi pa mlatho namenya chipilala chapakati kamodzi kokha. Chinagumuka ngati chigumu chouma, mchenga n'kumayoyokera m'madzi. Bambo wamkuluyo anakhala pa mwala nagwira kumaso.

Atadzuka anati, "Tiye kwa Mayi Mwikali. Ukanene ndi pakamwa pako."

Tinawapeza pa sukulu akuphunzitsa ana nyimbo ya tsiku lotsegulira. Anatuluka panja namvetsera mpaka Vitus anamaliza. Kenaka anafunsa funso limodzi.

"Unadziwa liti kuti mlathowu ndi wofooka?"

"Kalekale, amayi."

"Ndiye unali m'khonsolo muja pamene ndinkati ndidzaoloka ndi ana. Wabwereranji lero?"

Vitus anayang'ana pansi. "Amayi anga ndi mlongo wanga akuti adzaoloka nawo."

Mayi Mwikali anatembenukira ku zenera la kalasi, kumene timitu ta ana tinkasuzumira.

"Ana onsewa sanakukwanire, mwana wanga. Unadikira mpaka aolokepo amayi ako."

Tsiku lomwelo anauza anthu kuti atchinge mlathowo ndi minga mbali zonse ziwiri. Khonsolo itakumana, akanatha kuloza chala kontilakitala, kapena bungwe lathu, kapena Amalawi tonse. Sanatero. Anaimirira, mutu uli chilili, nati, "Bambo Parsitau ananena zoona ndipo ine ndinawatsutsa. Munthuyo ndinamusankha ndine. Ndinkaganiza kuti wopanda mbale kuno sangakondere, osadziwa kuti akhozanso kusamvera chisoni aliyense. Ndikupepesa nyumba ino ndi amayi onse amene anasenza miyala."

Ena anayamba kukuwa kuti mayiwo atule pansi udindo, koma amene anawaletsa anali Bambo Parsitau yemweyo.

Mlathowo unagwa ndi mvula ya chaka chomwecho, popanda munthu pamwamba pake, ndipo pa chimenechi tinathokoza Mulungu. Koma ana anabwereranso kuoloka ndi miyendo. M'mwezi wa Meyi madzi anakokolola kamtsikana ka Sitandade 2, kamene kanali m'kalasi ija yophunzira nyimbo. A Sylvester ndi a Magdalene anapita ku maliro, nakhala kumbuyo kwenikweni.

Vitus anazengedwa mlandu, nakhala m'ndende, ndipo atatuluka boma linamubweza ku Malawi. Spencer sanaonekenso. A Sylvester anasiya ntchito okha ngakhale palibe anawauza kutero, ndipo nyumba ya ku Lavington ija, imene tonse tinkafikira, inalowa anthu ena. Pa chisankho chotsatira Mayi Mwikali anagwa, chifukwa anthu ovota sachedwa kuiwala amene anasenza nawo miyala.

Patapita zaka zingapo nkhani ya mlatho inabweranso ku khonsolo. Amene anaidzutsa anali Bambo Parsitau. Ndinamva kuti anavula nsapato zake naziika pa tebulo, nati anaphunzira kwa munthu womuposa. Mlatho wachiwiriwo unamangidwa molimba, ndipo pa tsiku lotsegulira iye anakana kuoloka mpaka atapita kukawatenga Mayi Mwikali kunyumba kwawo kuti atsogole.

Vitus ndinakumana naye ku Zomba zaka zambiri pambuyo pake, akuumba njerwa. Analapa ndithu, mowa anasiya, ndipo ku mpingo kwawo amamudalira. Koma anandiuza kuti mvula yoyamba ikamagwa sadya, chifukwa amamva funso la mayi uja.

Achinyamata, mverani. Tchimo la Vitus linayamba ndi kuchoka pa ntchito kukadya nyama, koma linakhwima tsiku limene anavomera kuti munthu amene si mbale wake alibe kanthu. Ntchito imene mwapatsidwa, kaya ndi kwanu kaya ndi kwa eni, igwireni ngati kuti amayi anu ndiwo adzayambe kupondapo. Mukadikira kuti zikhudze anu ndiye mulape, Mulungu akhoza kukukhululukirani, koma mwana wa mnzanu amene madzi anatenga sadzabwerera.