Kaphuma Akwecha Kalilole

Kaphuma ankafuna kuona nyenyezi zitatu. Dzina limeneli anamupatsa amayi ake. Mwanayu sankadziwa kudikira.

Bambo ake anali ndi telesikopu yoonera nyenyezi. Anaipanga okha. Inali paipi yaitali. Mkati mwake munali kalilole wozungulira. Kaliloleyo anamusalaza ndi manja awo. Anamusalaza kwa nthawi yaitali, mpaka manja anachita matuza.

Tsiku lina madzulo bambo anamulozera Kaphuma nyenyezi pamwamba pa denga. Ndi maso inkaoneka imodzi. Koma bambo anati mu telesikopu zimaoneka zitatu. Ziwiri ndi zowala. Yachitatu ndi yaing'ono. Anamulonjeza kuti Loweruka adzaziona.

Loweruka m'mawa bambo anachotsa kalilole mu paipi. Anati wachita fumbi. Anamuika patebulo. Kenako anapita kuntchito.

Kaphuma anadikira. Anadikiranso. Kudikira kunamukanika.

Anatenga sopo. Anatenga mchenga. Anakwecha kalilole ngati poto. Pokwecha mapoto, Kaphuma sagonja kwa aliyense. Anakwecha. Anakwechanso.

Kalilole anauma. Koma sanawale. Anali atakalika paliponse.

Bambo anabwera. Anayang'ana kalilole. Sanakalipe. Anangokhala pampando, nkugwira mutu. Bola akanakalipa. Kaphuma anamva kuwawa mumtima.

"Ndimafuna kukuthandizani, ababa," anatero Kaphuma.

"Ndikudziwa, mwana wanga," anayankha bambo. "Koma zikundiwawa."

Amayi anaitana kuti chakudya chapsa. Palibe amene anadzuka.

Bambo anatembenuza kalilole uku ndi uku. M'mphepete anapeza malo osakalika. Anali malo aang'ono, ngati kukamwa kwa kapu. Anabwezera kalilole mu paipi. Anaboola katoni. Anaphimba paipi ndi katoniyo. Anati kuwala kulowe pabowo pokha, kukagwe pamalo abwinowo.

Dzuwa linalowa. Onse anatuluka panja. Kaphuma anasuzumira.

Anaona nyenyezi imodzi. Anaona yachiwiri. Anafunafuna yachitatu. Anafunafunanso. Sanaione. Kuwala kunali kochepa. Kaphuma analira. Amayi anamupukuta misozi. Misozi ina inabweranso.

M'mawa bambo anabwera ndi galasi lopangira kalilole wina. Linali lochindikala. Linali lolemera. Analiika patebulo. Anabweretsanso madzi ndi mchenga wapadera wosalazira.

Kaphuma anaima patali. Anabisa manja kumbuyo. Ankaopa kukhudza.

"Bwera kuno," anatero bambo. "Yachitatu ija sitiiona chaka chino. Koma ntchitoyi sindigwira ndekha."

Kaphuma anayandikira. Anaika manja pagalasi. Bambo anaika manja awo pamwamba pa manja ake. Amayi anadonthezera madzi.

Anayamba kusalaza, pang'onopang'ono.