Mapiritsi a Greyson

Idesi anali mtsikana wa ku Ndunde. Anali ndi mlongo wake wamng'ono, dzina lake Greyson. Idesi ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna Greyson achire.

Greyson ankatsokomola. Ankapuma mofulumira. Amayi anamubereka, ulendo wa kuchipatala. Idesi ankatsatira pambuyo.

"Ndi chibayo," anatero adokotala. "Nawa mapiritsi. M'mawa amwe, madzulo amwe. Ngakhale ayambe kusewera, azimwabe. Amalize onse."

M'mawa Greyson anamwa. Madzulo anamwa. Chifuwa chinachepa. Anayamba kusewera. Koma mapiritsi anali asanathe.

Tsiku lina kunja kunamveka, "Odi!" Anali aElsie, a nyumba yoyandikana nayo.

"Anabanda," anatero kwa amayi, "ine pokodza pakumandiwotcha. Mwanayu wachira. Ndigawireniko otsalawo."

Amayi anayang'ana pansi. Pamudzipo anthu ankagawana zonse. Mchere ankagawana. Moto ankagawana. Mnzako sumumana ayi.

Amayi anatenga kapepala ka mapiritsi. Idesi anawagwira dzanja.

"Amayi, mwaiwala za Tatu?"

Tatu anali mng'ono wake wa Idesi. Nayenso anadwala chibayo. Nayenso anayamba kusewera. Mapiritsi ake otsala anapatsa anthu ena. Chifuwa chija chinabweranso. Tatu anamwalira.

Amayi anabweza kapepala kaja.

"Pepani aElsie. Awa ndi a mwana."

"Nanga nditani ine?" anafunsa aElsie. "Ndikapita kuchipatala, mbuzi zanga zidya nandolo wa eni ake."

"Mbuzizo ndikuyang'anirani ine," anatero Idesi.

"Iwe? Yakuda ija imagundatu."

"Nanenso ndimagunda."

AElsie anapita. Idesi anakhala ndi mbuzi. Yakuda ija inamugundadi. Koma nandolo sizinadye.

AElsie anabwerako ndi kapepala kawokawo. "Andipatsa anga," anatero. "Akuti nanenso ndimalize onse."

Greyson anamwabe. M'mawa anamwa. Madzulo anamwa. Tsiku lina kapepala kanatsala kopanda kanthu. Chifuwa sichinabwerenso.

Kunja kunamvekanso, "Odi!"

Idesi anathamanga n'kuima pakhomo.

"Usanditsekere, mwanawe," anatero aElsie. "Lero ndabwerera mchere."

Amayi anaseka. Chimwalirireni Tatu, Idesi anali asanawamve akuseka choncho.

Greyson ananyamula mchere uja, n'kukawapatsa aElsie.